Mutu wa Sitima Wovala Penti wa Che Abdallah

Ku Salima kunali amuna atatu amene ankasewera ndi zidole dzuwa likuswa mtengo, popanda munthu wowaseka. Chinsinsi chake chinali chakuti onse anali a njanji, ndipo zidolezo ankazitcha maphunziro.

Ankakumana Loweruka lililonse masana kuseri kwa nyumba ya Lawson Mphonde, kalaliki wa katundu pa siteshoni, mnyamata wakumtunda, chakumadzulo kwa Khombedza. Lawson analumikiza zitseko ziwiri zakale n'kuzigoneka pa migolo. Pamenepo anayalapo njanji ya mawaya, anamangapo siteshoni ya Salima ndi thanki yake ya madzi, ngakhalenso mlatho wa mizati yokwana ndendende ngati weniweniwo, chifukwa anachita kupita kukaiwerenga. Mitu ya sitima ankaisula ndi zitini za palafini, m'mimba mwake n'kuikamo sipuling'i ya wotchi yakufa. Ukaupukusa ndi kiyi, mutuwo unkazungulira njanji yonse kawiri usanatope.

Chaka chimenecho, 1978, njanji yopita ku Lilongwe inali pafupi kutha, ndipo kunkamveka mphekesera zoti kubwera mitu yatsopano ya dizilo. Palibe ankadziwa kuti idzaoneka bwanji. Choncho funso la Loweruka lililonse linali limodzi: mutu wotsatira umene Lawson apange ukhale wotani, ndipo uvale penti wanji?

Funsoli linali ndi kayankhidwe kake.

"Ine ndikufuna wakuda, wofiira ndi wobiriwira, ngati mbendera yathu!" anatero Chisoni wa masiginolo mokweza, nkhope atalozetsa kumpanda wa neba.

"Inenso chimodzimodzi!" anavomereza a Anderson Kamtedza, dalaivala wopuma pa ntchito, mokweza kuposa pamenepo.

Mpanda utamva zimene unafunika kumva, anthu anasendeza mipando pafupi n'kuyamba kunena zoona.

"Mwana wanga," a Kamtedza ananong'ona, "undipangire wa malasha. Wakuda bii, chumuni chachifupi, belu lamkuwa lonyezimira. Ngati umene ndinkabwera nawo kuchokera ku Balaka, ana a ku Chipoka n'kumathawa utsi."

"Madala, mukulakalaka nthawi ya azungu?" Chisoni anawaseka.

"Ndikulakalaka utsi, iwe. Azunguwo ndiwatani? Ndipo pakamwa pakopo padzakupachika."

"Malasha anapita, madala. Ine ndikufuna wa dizilo, wotuwa ngati ndege, magalasi uku ndi uku, wosafunika kuutembenuza. Ndinauona pa kalendala."

"Chinthu chosadziwika kutsogolo ndi kumbuyo? Ameneyo ndi wandale, si sitima."

Onse awiri anacheukira kumpanda nthawi imodzi. Lawson yekha ndiye sanacheuke. Maso ake anali pa geti.

"Odi kuno! A kalaliki aiwalanso kalata yathu ya katundu?"

Anali Salma, ndipo kumbuyo kwake kunali mng'ono wake Nafisa, atafunda mpango woyera kumutu. Loweruka lililonse awiriwa ankabweretsa madengu a usipa wouma wa amjomba awo, mlongo wa mayi awo, Che Abdallah, kuti akwere sitima ya ku Limbe. Ndipo Loweruka lililonse kwa miyezi isanu, Lawson, munthu amene sanasokonezepo nambala ya bogi chiyambire ntchito, ankaiwala kuwapatsa kalata ya katundu, kuti adzaitengere kunyumba.

Ku gombe nkhaniyi inali itafika kalekale. Che Abdallah, mwini maboti asanu ndi awiri ndiponso mwini mbumba, anali atawabweza kawiri a Kamtedza pamene anapita ngati nkhoswe ya Lawson kukafunsira Nafisa. Koyamba anati mnyamatayo ndi Mkhristu. Kachiwiri anati ndi wakumtunda, ndipo sananene kuti choipa kwambiri n'chiti. Kenako Nafisa atakana chakudya masiku atatu, anatumiza mawu: abwere Lachisanu likudzali ikatha swala, pemphero la Ijumaa ku mzikiti, nkhosweyo pamodzi ndi mnyamata wakeyo, amuone ndi maso. Akapanda kukhutira naye, nkhani ithere pomwepo, ndipo Nafisa apite kwa Omari, kapitawo wa maboti awo, amene anali atafunsira kale.

"Mwafika bwino, tiweruzeni," anatero Chisoni. "Madalawa akufuna wakuda, ine wotuwa. Wotsatira ukhale wotani?"

Nafisa ananjuta pambali pa zitsekozo, nagwira kamutu kamodzi ndi chala.

"Nonse mukufuna mitundu ya pamaliro," anatero. "Ndikanakhala wosankha ine, ukanakhala wabuluu, mzere wachikasu m'mbali, mphuno yofiira."

"Ngati maboti a kwanu," anatero Lawson.

"Ngati maboti a kwathu." Anamuyang'ana m'maso kanthawi kochepa, n'kugwetsa nkhope. "Tsiku lina, Inshallah."

Salma anamutsina pamkono. "Manyazi ulibe iwe? Tiye, basi itisiya."

Munthu aliyense wa ku gombe akanamva chimene chinanenedwa pamenepo. Pa dooko la Che Abdallah panali mwambo umene unayamba ndi agogo awo. Buluu wa banjalo ankasakaniza mwini mbumba yekha, ndipo sankagulitsidwa, sankabwerekedwa, sankapakidwa pa chinthu cha munthu wakunja. Mwamuna akavomerezedwa kukwatira m'banjamo, mwini mbumba ankamupatsa chitini ndi manja ake pamaso pa anthu, kuti akapake boti lake. Nafisa ankanena za ukwati. Lawson, mwana wa alimi a thonje, anamva oda ya mutu wa sitima.

* * *

Mutuwo anaumaliza kusula Lamulungu atachoka ku tchalitchi. Penti wachikasu ndi wofiira anali naye kale. Wabuluu ndiye anasowa. Chichokereni amwenye, masitolo a ku Salima ankagulitsa kwambiri mawu akuti "bwerani sabata yamawa".

Lolemba, pa geti la msika, dzanja lalikulu ngati nkhafi linamutsekera njira.

"Khadi, achimwene."

Anali Omari. Miyezi imene maboti ankakhala pamtunda, iye ankavala malaya ofiira a anyamata a chipani n'kumaima pa msika, kuona ngati anthu ali ndi makhadi a chipanicho. Lawson anatulutsa yake. Omari anaiyang'ana kutsogolo, naiyang'ana kumbuyo, ngati akufuna kupezapo nsabwe.

"Ndamva mukusaka penti wabuluu."

"Mwamva kwa yani?"

"Ku Salima kuno mukafunsa chinthu m'sitolo imodzi, mwafunsa tauni yonse." Anamubwezera khadi, namwetulira. "Tamverani, achimwene. Ine ndi inu takhala tikuyang'anana ngati agalu a pa fupa limodzi. Koma ine ndine Msilamu, ndimadziwa kuti cholembedwa n'cholembedwa. Mtsikana wasankha. Ndisiyeni ndigonje ngati mwamuna."

Lachiwiri masana anafika kunyumba kwa Lawson atanyamula kachitini kokulunga m'chiguduli. Lawson anatsegula. Anali buluu yemwe uja, wakuya ngati nthenga za khwangwala pa dzuwa, amene sunamupeze m'sitolo iliyonse.

"Che Abdallah akudziwa?" anafunsa.

"Wotsalira pansi pa chitini ameneyu. Munthu wa maboti asanu ndi awiri angafunse zimenezi? Koma muwadabwitse. Musauze munthu, ngakhale nkhoswe yanu. Nkhalamba ija imakonda munthu wolemekeza mitundu yake."

Kenako Omari anazungulira zitseko zija pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Anaima pa mlatho.

"Mizati isanu ndi iwiri. Ndendende. Munachita kukayeza?"

"Ndinangokawerenga."

"Ndi thanki yomwe, ndi polowera sitima pomwe." Anapukusa mutu mogoma. "Mutu muli nawo, achimwene. Mumasonkhana pano angati?"

"Atatu. Timangocheza."

"Kucheza n'kwabwino," anatero Omari, nawerenganso mizati ija ndi chala.

Atachoka, Lawson anamva kanthu kakumukanda mumtima. Koma munthu amene wagwira chimene amasaka safuna kufunsa kuti chagwera bwanji m'manja mwake. Anatenga burashi.

* * *

Lachinayi Salma anadutsa pa siteshoni yekha, nasiya kapepala pansi pa sikelo osayang'ana kumbuyo. Lawson anakawerengera kuseri kwa matumba a mpunga wa ku Chinguluwe.

"A Lawson,

Mawa musachedwe, komanso musafike swala isanathe. Nsapato muvule musanakwere pakhonde. Azimayi musawapatse dzanja. Amjomba akakufunsani funso, muwerenge mpaka katatu musanayankhe, chifukwa amadana ndi munthu wothamanga pakamwa. Za masitima anu musayambitse ndinu. Mubweretse shuga ndi masamba a tiyi, basi, china chilichonse ayi.

Kuno kwavuta pang'ono. Chinthu china chasowa m'nyumba yosungira maukonde ndipo amjomba sakulankhula ndi munthu. Koma si za inu zimenezo.

Omari wayamba kundipatsa moni mwaulemu. Zikundiopsa kuposa mmene ankandikalipira.

Musandichititse manyazi. Ndilibe Lachisanu lina.

N."

Lawson anaiwerenga kalatayo kanayi. Anali munthu wotha kumasula wotchi yonse n'kuibwezeretsa popanda kasikuluwu kotsala. Koma pano anapatsidwa zidutswa zitatu zokha, chinthu chosowa, Omari waulemu ndi kachitini ka m'chiguduli, ndipo analephera kuzilumikiza. Chimene anaona m'kalatamo ndi mawu akuti "musandichititse manyazi". Kodi munthu wopita kukapempha mkazi atanyamula shuga yekha, ngati akukazonda wodwala, si ndiye manyaziwo? Atafika kunyumba anagwira mutu uja. Penti anali atauma. Anaukulunga m'nsalu yatsopano n'kuuika pansi pa chikwama, shuga pamwamba.

* * *

Khonde la Che Abdallah linali lasimenti, lopolishidwa mofiira, loyang'ana kumene maboti anagonekedwa pamchenga. Dzuwa linali paliwombo. Mwini nyumba anakhala pa mpando wa ndalema, wamtali, wowonda, ndevu zoyera zometedwa bwino. Kumanja kwake kunali achibale awiri achikulire. Kumapeto kwa mkeka kunali Omari, atavala mkanjo woyera wa ku mzikiti, koma kolala yofiira ikusuzumira pakhosi. Kuseri kwa katani wa pakhomo kunkamveka zibangili.

"Nkhumba umadya?" Che Abdallah anafunsa, moni utangotha.

Lawson anawerenga mpaka katatu. "Ndinasiya, bambo."

"Liti?"

"Mu Novembala."

"Mwezi umene anayamba kuiwala makalata," anatero mmodzi mwa achibale aja, ndipo kuseri kwa katani wina anatsamwa ndi chiseko.

"Mowa?"

"Sindinaulawepo."

"Zoti ulowe Chisilamu sindikufunsa lero, amenewo ndi mafunso a shehe. Koma ana? Adzapita ku tchalitchi kapena ku madrasa?"

Apa a Kamtedza anatsokomola. "Che Abdallah, kwathu kumtunda ngakhale kwanu kuno, ana ndi a mbumba ya mayi. Mwini mbumbayo ndinu. Ife tingakulamulireni ana anu?"

Nkhalamba inawayang'ana a Kamtedza, ndipo kwa nthawi yoyamba ngodya ya mlomo inagwedezeka. Inaitanitsa tiyi. Salma atabweretsa, anamuyang'ana Lawson mwakabisira n'kugwedeza mutu pang'ono. Zinthu zinali kuyenda.

"Chondivuta ine n'chimodzi," Che Abdallah anapitiriza, akutakasa tiyi. "Kuno mwamuna timamudziwira m'manja. Manja akowa ndikuwaona, ofewa ngati a namwino. Kupatula cholembera, amadziwa chiyani?"

Lawson sanawerenge mpaka katatu. Anatsegula chikwama, anasuntha shuga, natulutsa nsalu ija.

"N'chiyani chimenecho?" a Kamtedza ananong'ona.

Lawson anali atapukusa kale kiyi. Anauika pa simenti n'kuusiya. Mutu wa sitima wabuluu, mzere wachikasu m'mbali, mphuno yofiira, unayenda mowongoka pakati pa makapu a tiyi, ukulira kuti tchiki-tchiki-tchiki, mpaka unakagunda chala cha Che Abdallah. Unaima pamenepo mawilo akuzungulirabe, ngati mwana woumirira kulowa m'nyumba yotseka.

Palibe anaseka. Zibangili zinasiya kulira.

Che Abdallah anawerama n'kuunyamula. Anaununkhiza. Anaukanda ndi chikhadabo, nayang'ana chikhadabocho.

"Buluu uyu ndinasakaniza ndine," anatero motsitsa. "Chitini chake ndinachisungira mwamuna amene ndidzamupatse mwana wa mlongo wanga. Chinasowa sabata ino." Anatukula maso. "Iwe wabwera kudzapempha, kapena kudzandiuza kuti unadzipatsa kale?"

"Bambo, ine sindimadziwa kuti..."

"Astaghafirullah!" anafuula wachibale uja. "Wadzikwatitsa yekha pakhonde pa eni ake!"

"Safunsa anadya phula," a Kamtedza anadandaula chapansipansi, atagwira kumutu.

"Sindikufunsa zimene umadziwa," anatero Che Abdallah. "Wakumtunda sadziwa kumene ndimasunga kiyi. Anakupatsa ndani?"

Lawson anatembenukira kumapeto kwa mkeka. Pakamwa panali patatseguka kale pamene Omari anayamba kulankhula, mofatsa, ngati munthu wopepesera mnzake.

"Che Abdallah, musamupanikize mlendo. Ndi munthu waluso kwambiri. Kuseri kwa nyumba yake anamanga siteshoni yonse, ndi mlatho womwe, mizati yochita kuwerenga. Amasonkhana pamenepo Loweruka lililonse ndi madalawa ndi mnzawo wa masiginolo, n'kumanong'onezana. Ine sindinauzepo munthu ku ofesi ya chipani. Masiku ano anthu amamva zinthu molakwika, mukudziwa."

Aliyense pakhondepo ankadziwa: anthu onong'onezana pa chifanizo cha mlatho akanatengedwa ngati okonza chiwembu choukira boma. Masiku amenewo galimoto inkaima pakhomo, munthu n'kukwera, abale osafunsa kumene wapita. Ena anakwera pa zifukwa zochepa kuposa mlatho. Lawson anayang'ana a Kamtedza, nkhalamba imene inangolakalaka utsi. Akatchula Omari, akwera galimotoyo onse atatu. Akakhala chete, ndi wakuba, ndipo Nafisa wapita.

"Ndikudikira," anatero Che Abdallah.

Katani anatseguka.

"Ndine, amjomba."

"Nafisa!" Salma anakuwa ali mkati. "Bwerera kuno!"

Koma iye anali atagwada kale pakhomo, maso pansi. "Ndinatenga ndine. Ndinawapatsa ndine. Iwo sankadziwa tanthauzo lake."

M'nyumbamo mayi wina anayamba kulira. Mtsikana wopereka yekha penti wa banja kwa mwamuna anali ngati wanena pamaso pa dooko lonse kuti anadzipereka kale, ndipo mawu otero sabwezedwa.

"Kiyi unamupeza kuti?" anafunsa Che Abdallah.

"Pa msomali, inu muli ku mzikiti."

"Chitinicho chinali pa shelefu iti?"

Nafisa anachedwa pang'ono. "Yapamwamba."

Che Abdallah anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kumapeto kwa mkeka, osati nkhope ya Omari, koma kolala ija. Anali munthu wa maboti asanu ndi awiri, koma nayenso anali ndi pakhomo poti galimoto ingaime.

"Ana atuluke," anatero. "Akulu titsale."

* * *

Lawson ndi Nafisa anakumana kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa, Salma ataima chapatali ngati akuingitsa ntchentche.

"Shuga ndi tiyi," anatero Nafisa. "Ndinalemba Chichewa kapena Chiarabu?"

"Unanena wekha kuti ukufuna wabuluu."

"Ndinati tsiku lina! Mwana wa zaka zisanu pa dooko pano akanamva. Inu mumawerenga mizati ya milatho, koma kufunsa funso limodzi kwa mkazi amene mukuti mumamukonda, ayi?"

"Ndimafuna ndikusangalatse."

"Mwandisangalatsa. Amayi akulira, ndipo mawa azimayi a pa chitsime adzakhala akundiwerengera miyezi."

Lawson anapukusa mutu. "Si iwe unatenga. Ndipita ndikanene."

"Mukanene chiyani? Kuti ndi Omari? Mukuganiza kuti sindikudziwa? Amjomba nawonso akudziwa. Salma wangondiuza kumene kuti chitinicho sichinali pa shelefu, amachisunga m'bokosi pansi pa maukonde. Ndaona nkhope yawo pamene ndimayankha."

"Nanga bwanji sananene?"

"Chifukwa chomwe inu simunanenere." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Mukatsegula pakamwa, mudzakwera galimoto, ine ndidzatsala ndi manyazi ndi Omari yemwe. Tsopano mverani, ndipo ulendo uno mumve ndithu. Chilichonse chimene amjomba anene, muyambe mwafunsa tanthauzo lake."

"Nafisa, ine sindikusiya."

"Zimenezo mukanenere pakhonde. Kuno kuli usipa wokhawokha."

"Akukuitanani," anatero Salma.

* * *

Pa mkeka, pambali pa mutu wa sitima uja, panali mpeni wopalira nsomba.

"Khala pansi," anatero Che Abdallah. "Mwana wanena kuti anakupatsa. Ine sindingamutche wabodza pamaso pa anthu, ndiye zili choncho. Penti wanga ali pa chinthu chako. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, tenga mpeniwo, upale penti yense pompano, ukwere basi. Ku dooko kuno usadzapondenso, ndipo usipa wanga adzaperekeza amuna."

"Nanga Nafisa?"

"Alipo amene wanena kuti amutengabe, ndi manyazi ake omwe."

Omari anagwetsa maso modzichepetsa.

"Yachiwiri, bambo?"

"Wovala mitundu yanga amagwira ntchito ya mitundu yanga. Atate anga anatero, agogo anga anatero. Mkamwini sapaka buluu ameneyu asanakoke khoka m'boti la banja. Lolemba maboti akunyamuka kupita ku Mbenji. Upite nawo, ukakhale mwezi wathunthu. Ukabwerako anthu anga akunena kuti ndiwe mwamuna, ndidzaitana shehe tikambe zotsalazo."

Lawson anakumbukira malangizo. "Ku Mbenji kuli zotani, bambo?"

"Chilumba. Miyala, nsomba ndi amuna. Mkazi sapondako, kalata siifika, sitima kulibe."

A Kamtedza anamukoka malaya. "Mwana wanga, taganiza," ananong'ona. "Tchuthi sangakupatse pamene njanji yatsopano ili pafupi kutsegulidwa. Ukachoka wekha, ntchito yatha, nyumba ya kampani yapita. Ndipo kalaliki wa siteshoni akasowa mwezi wathunthu nthawi ngati ino, adzafunsa kumene wapita."

Lawson anayang'ana mpeni. Anayang'ana katani wa pakhomo, amene pansi pake pankaoneka zala za mapazi zitapanikiza simenti. Anatenga mpeniwo chakunsonga, naupereka kwa Che Abdallah chigwiriro chili kutsogolo.

"Ndipita."

Nkhalamba inalandira mpeni osasonyeza kukondwa kapena kukhumudwa. "Mlendo amakwera boti lalikulu, pansi pa kapitawo. Omari!"

"Che Abdallah."

"Ndikumupereka m'manja mwako, pamaso pa anthu awa. Wapita wamoyo, abwere wamoyo."

Omari anatambasula manja ake akuluakulu aja, zikhatho kumwamba. "Ine ndimangoyendetsa boti, Che Abdallah. Nyanja ndi ya Allah, ndipo mphepo ya mwera yayandikira." Kenako anatembenukira kwa Lawson ndi nkhope yaubwenzi yomwe ija ya pa geti la msika. "Kusambira mumatha, achimwene?"

Lawson anawerenga mpaka katatu, koma yankho silinasinthe. Madzi akuya kwambiri amene analowamo chibadwire anali a kamtsinje ka kwawo, mwezi wa Okutobala, ndipo anamulekeza m'mawondo.